Ndinatsogoza Katundu, Ine N'kutsala ku Joni

Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa chifukwa cha manyazi, koma ndaona kuti kubisako sikukundichiritsa, ndiponso mwina pali wina amene akulongedza zikwama zake lero lino amene ingamupulumutse. Ndinalakwitsa zinthu ziwiri. Ndinapereka katundu wanga kwa transipota kuti atsogole kumudzi osayang'ana bwino zomwe ndalongedza, ndipo zinthu zitasokonekera ndinanamiza mwana wanga. Cholakwa choyambacho chinanditsekera ku Joni milungu isanu ndi iwiri. Chachiwiricho ndi chomwe ndikuchilirabe mpaka pano.

Ine ndine mayi wa kwa Namwera ku Mangochi. Banja langa litatha ndinapita ku Joni kukasaka, n'kusiya mwana wanga mmodzi yekhayo, Asiyatu, m'manja mwa achemwali anga. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Cashan, m'tauni ya Rustenburg, kwa banja lina lomwe bambo wake ankagwira ntchito kumgodi. Ndinkachapa, kusita, kukolopa ndi kulera ana awo awiri, ndipo ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi zitatu osapondako kumudzi. Masiku omwe anandidindira m'pasipoti polowa anali atatha kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lomwe ndidzatuluke adzandiletsa kubwereranso. Chaka chilichonse ndinkati ndipita chaka chamawa, mpaka kwathu anayamba kunditchula kuti tchona.

Loweruka ndi Lamlungu ndinkasoka. Ndinali ndi makina anga osokera, akale koma olimba, ndipo amayi a ku Malawi ozungulira kumeneko ankandibweretsera nsalu zawo. Pansi pa makinawo panali kamalo kosungira singano ndi ulusi. Tsiku lina munthu analowa m'kachipinda kanga ine ndili kunyumba yaikulu n'kundibera foni, ndiye kuyambira pomwepo ndinakulunga pasipoti m'kapepala ka pulasitiki n'kuibisa m'kamaloko, pansi pa ulusi. Sindinkayenda nayo, chifukwa kuionetsa kwa wapolisi kunali kudziulula ndekha. Inakhala mmenemo zaka zitatu osaigwira, mpaka mtima wanga unaiwala kuti ndi chinthu chomwe munthu amayenera kuchikumbukira.

Asiyatu anakwatiwa ine kulibe. Zithunzi za ukwati wake ndinazionera pafoni ndili pakati posita malaya a abwana. Patapita chaka anandiuza kuti ndi woyembekezera. Kusikelo anamuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, choncho mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba akakhale kuchidikiro, pafupi ndi chipatala, pamodzi ndi womuyang'anira. Mwamuna wake ankachita geni ya nsomba mbali ya ku Mozambique ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Achemwali anga sakanatha kuchoka pakhomo milungu yambiri chifukwa amuna awo anali atafa ziwalo mbali imodzi. Ndinalonjeza Asiyatu kuti ulendo uno ndikhalapo, ndimuperekeza kuchidikiro ndekha, ndipo mwana wake ndidzakhala woyamba kumusambitsa. Ndinauza adona anga kuti ndikusiya ntchito kumapeto kwa mwezi wa Meyi.

Inu owerenga, munthu amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu kunja amakhala ndi katundu. Ndinali ndi kafiriji, mabulangete, mapoto, makatani, makina aja, komanso zovala za mwana, matewera ndi bafa lomwe ndinagula ndikumwetulira ndekha m'sitolo. Anzanga anandiuza kuti kukwera basi ndi zonsezi ndi chizunzo, chifukwa paboda iliyonse amatsitsa katundu ndipo wina amasowa pomwepo. Anati ndipereke kwa transipota, ine ndiyende ndi kachikwama kam'manja ngati bwana. Ndivomerenso kuti munali kunyada mumtima mwangamu. Ndinkafuna kuti galimoto ikaime pakhomo pa achemwali, anthu akaone mabokosi akutsika, adziwe kuti tchona uja sanangokhala.

Nambala ya transipotayo ndinaipeza pagulu la pafoni la anthu a ku Mangochi. Dzina lake anali Jafali. Anali mnyamata wamkulu ndithu, waulemu, wopereka salamu bwino, ndipo atayamba kundiyankhula m'Chiyao ndinamva ngati ndakumana ndi mlongo wanga. Anati pakatha masiku khumi katundu adzakhala ali pakhomo. Anabwera Loweruka m'mawa ndi kagalimoto koyera kokoka ngolo. Tinaika makina m'bokosi, tinawazinga ndi mabulangete, iye n'kumata ndi selotepi kuzungulira konse, kenako analemba dzina langa ndi la mudzi wathu pabokosi lililonse. Sanandipatse kapepala kalikonse ndipo ine sindinafunse. Sindinafunse komwe amasonkhanitsira katundu, sindinayang'ane nambala ya galimoto, sindinadziwe ngakhale dzina la bambo ake. Ndinaima pageti n'kumubayibitsa, mtima uli mbee.

Lachiwiri lake ndinapita m'tauni kukagula tikiti ya basi. Mtsikana wa pawindo anandifunsa tsiku la ulendo, ndinamuuza, kenako anatambasula dzanja kuti ndimupatse pasipoti. Ndinatsegula chikwama ngati munthu woti aitulutsa, ndipo dzanja lili m'chikwama momwemo ndi pomwe ndinakumbukira. Ndinachoka pamzerepo n'kukakhala pansi pakhonde, anthu akundilambalala. Chikalata chokhacho chomwe chikananditulutsa m'dziko limenelo ndinali nditachimata ndekha ndi selotepi n'kuchikweza m'ngolo ya munthu yemwe sindinkadziwa komwe amagona.

Ndinamuimbira Jafali pomwepo. Anandiyankha mofatsa, anati zotere zimachitika, ndisade nkhawa. Anati katundu wanga wakwezedwa kale m'thiraki yaikulu ku Johannesburg ndipo bokosi la makina lili pansi penipeni, koma akafika ku Musina adzatsitsa zonse, adzatulutsa pasipotiyo n'kupatsira mnzake wobwerera kuno. Anati pofika Lachisanu idzakhala ili m'manja mwanga. Ndinamuthokoza mpaka kumudalitsa.

Vuto linali lakuti kachipinda kanga sikanalinso kanga. Adona anali atalemba kale ntchito mayi wina wa ku Lesotho ndipo anali atafika ndi zikwama zake. Sanandithamangitse mwankhanza, anandilola kugona masiku awiri m'chipinda chochapira, koma ndinkaona nkhope ya abwana kuti sakufuna munthu wopanda mapepala, yemwe salinso wantchito wawo, apezeke pakhomo pawo. Ndinaganizira anthu onse omwe ndinkawadziwa, ambiri ankagona atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi. Pomaliza ndinaimbira a Kamwendo.

A Kamwendo anali bambo wachikulire wa ku Dedza yemwe anabwera ku Joni ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo sanabwerere. Anakwatira mayi wa Chitswana, ndipo ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri m'mphepete mwa munda wa malalanje, mbali ya ku Buffelspoort. Ndinawadziwa chifukwa ndinkasokera akazi awo zovala za kutchalitchi. Anali ndi chifuwa cha kumgodi chomwe chinkawadula mawu pakati. Nditawafotokozera anangoti ndibwere, mwana wa kwathu sagona panja iwo ali moyo.

Tsiku lomwelo lomwe ndinafika anandikhazika pansi n'kundiuza zoti ndichite. Anati ndipite kupolisi ndikalembetse kuti pasipoti yasowa, kenako iwo andiperekeza ku Johannesburg ku ofesi ya dziko lathu kukapempha chikalata choyendera ulendo umodzi. Anati zingatenge masiku, koma ndi njira yoongoka. Ine ndinakana. Ndinkaopa kuti ndikangolowa pakhomo la polisi adzandifunsa kuti ndakhala bwanji zaka zonsezi, ndipo ndinali nditamva za anthu omwe anawatsekera miyezi akudikira kuwatumiza kwawo. Masiku amenewonso kunali kusaka alendo, ankaimitsa matakisi pamsewu n'kumafunsa mapepala. Ndinawauza kuti palibe chifukwa chodziponyera m'kamwa mwa ng'ona pomwe Lachisanu lili pafupi. Anatsokomola, n'kunena kuti chabwino, tidikire Lachisanulo.

Lachisanu linafika n'kudutsa. Jafali anati ku Musina kuli mzere wautali wa mathiraki, sanapeze mpata wotsitsa. Sabata yotsatira anati awoloka, koma mapepala a katundu wa munthu wina avuta. Kenako anati tayala laphulika ali pakati pa Zimbabwe. Kenako anati pasipoti waitulutsa ndipo wapatsira mnzake, koma mnzakeyo foni yake yagwera m'madzi. Ankanditumizira zithunzi za mathiraki ali pamzere ndi za msewu wafumbi, ine n'kumazionetsa a Kamwendo ngati umboni. Nthawi zonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti amayi pirirani, sabata ino sitha.

Tsopano ndifike pa chomwe chimandiwawa. Asiyatu ankandiimbira pafupifupi tsiku lililonse kufunsa kuti ndanyamuka liti. Ndinalibe mphamvu zomuuza kuti mayi ake, atakhala zaka zonsezi kunja, atumiza pasipoti yawo m'bokosi ngati poto. Ndinkadziwa kuti nkhaniyo ikafika pachitsime idzasekedwa mudzi wonse. Ndiye ndinamuuza kuti adona andipempha kuti ndikhaleko sabata imodzi ndiphunzitse wantchito watsopano. Sabatayo itatha ndinati basi yadzaza. Kenako ndinati ndadwala chimfine. Bodza lililonse linkabala linzake.

Mwezi wake wachisanu ndi chinayi utayamba anandiuza kuti anamwino amukumbutsanso za kuchidikiro, ndipo mayi wina woyandikana nawo wadzipereka kuti akhoza kumuperekeza. Anandifunsa kuti apite kapena andidikire. Inu owerenga, apa ndi pomwe ndinayenera kunena kuti pita lero lomwe, usandidikire. Koma ndinaganiza za anthu, kuti adzati mwana wagonera kuchipatala ndi munthu wapadera mayi ake ali moyo. Ndinaganizanso za lonjezo langa, kuti ukwati ndinauphonya, izi zokha ndisaziphonye. Ndipo m'mawa womwewo Jafali anali atalumbira kuti mnzake uja ali panjira. Ndinamuyankha mwana wanga kuti, “Dikira pang'ono, mwanawe. Lachisanu likudzali ndikhala ndili m'basi.”

Anandimvera, chifukwa ndinali mayi ake.

Masiku a ku Buffelspoort sindidzawaiwala. Inali nyengo yozizira, ndipo majuzi anga onse ndinali nditawatsogoza poganiza kuti ndikupita kwathu kotentha. Ndinatsala ndi madiresi awiri ndi chitenje chimodzi. Akazi awo a Kamwendo anandibwereka juzi lawo lalikulu lomwe manja ake ndinkachita kupinda. Ndinkagona pabalaza, m'mawa n'kupinda zofunda msanga kuti eni nyumba apeze pokhala. Anthu amenewo anali Akhristu, ine Msilamu, koma anandipatulira poto wangawanga, ndipo ikakwana nthawi yoswali ankazimitsa wailesi popanda kuwapempha. Ubwino wawowo unkandilemera, chifukwa ndinkaona kuti chakudya chawo ndi chongokwanira awiri.

Kunja kwa mpanda sindinkatuluka. Ndikamva galimoto ikuima pafupi ndinkathawira kuchimbudzi n'kudzitsekera mpaka itapita, nthawi zambiri inkakhala ya ogula malalanje basi. Masana ndinkakhala kuseri kwa nyumba komwe kunkafika dzuwa, foni ili pamwendo, ndikuyang'ana milu ya miyala ya kumigodi chapatali ndi matakisi akudutsa pamsewu. Aliyense ankapita kwinakwake kupatula ine. Ndinalibe ntchito, ndinalibe chipinda, ndinalibe makina oti ndisokere, ndipo dzina langa linalibe pepala loliikira umboni. Palibe amene ananditsekera, geti linali lotsegula, koma ndinali mkaidi.

Sabata yachisanu foni ya Jafali inayamba kungolira osayankhidwa, kenako inasiyiratu kulira. Ndinalemba pagulu lija kufunsa ngati pali amene akudziwa komwe ali. Anthu atatu anayankha kuti nawonso katundu wawo sanafike, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa komwe amakhala. Aliyense anapatsidwa nambalayo ndi mnzake. A Kamwendo sanandidzudzule. Anangovala chipewa chawo n'kuyamba kuyenda, Lamlungu kutchalitchi, pakati pa sabata kwa anzawo akale a kumgodi, kufunsa za mnyamata wa kagalimoto koyera. Anandiuzanso kachiwiri kuti tipite kupolisi, ndipo anandichenjeza kuti ndimuuze mwana zoona. Ndinati ndimuuza mawa.

Mawalo silinafike. Lachinayi la sabata yachisanu ndi chimodzi, chakumasana, ndikuchapa mbale panja, achemwali anga anaimba. Mawu awo anali ouma moti ndinadziwa asanayambe. Anati Asiyatu anadzuka m'mawa mutu ukumuwawa kwambiri, maso sakuona bwino, kenako anagwa n'kuyamba kuphupha. Anamunyamula panjinga yamoto, wina atamugwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala chaching'ono, ndipo kumeneko anamutumiza msanga kuboma. Madokotala anamuchita opaleshoni n'kupulumutsa moyo wake, koma mwana anamutulutsa atapita kale. Anali wamwamuna.

Achemwali anapitiriza, anati, “Anamwino anafunsa chifukwa chomwe sanabwere kudzadikira monga anamuuzira. Ine ndinawayankha zomwe iye wakhala akundiyankha, kuti akudikira amayi ake. Tsopano tandiuze, iwe uli kuti?”

Pamenepo ndi pomwe ndinanena zoona koyamba. Ndinawauza za pasipoti, za makina, za Jafali, zonse. Sanandikalipire. Anangoti nkhani yaing'ono ngati imeneyi ndi yomwe ndimabisa, kenako anadula foni chifukwa amayi a m'mudzi ankawadikira kuti akaike kamwanako.

Masiku atatu otsatira sindinadye. Akazi awo a Kamwendo ankakhala nane pamphasa, nthawi zina n'kundigwira dzanja. Chomwe chinkandizungulira m'mutu n'chakuti zomwe Jafali ankandichita ine, ndi zomwenso ine ndinkamuchita mwana wanga. Iye ankandiuza Lachisanu, ine n'kutenga Lachisanu lomwelo kukamupatsira Asiyatu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankanamiza mlendo. Ndinauza a Kamwendo kuti mantha atha, ndipita kupolisi ndekha, akafuna kunditsekera anditsekere.

Ndisanapite, Lamlungu lomwelo, a Kamwendo anabwera kuchokera kutchalitchi akuyenda mofulumira kuposa masiku onse. Anati akumana ndi mnzawo wina wakale yemwe anakwatira ku Mabeskraal, mudzi waukulu kumpoto chakumadzulo kwa Rustenburg. Mnzawoyo anawauza kuti pafupi ndi kwawo pali khomo lina pomwe paima thiraki yakufa kwa pafupifupi miyezi iwiri, ndipo pambali pake pali mulu wa mabokosi ofunditsidwa tenti, olembedwa mayina achimalawi.

M'mawa mwake tinanyamuka pagalimoto ya mkulu wina wa mpingo wawo. Njira yonse ndinali nditawerama kumpando wakumbuyo poopa apolisi a pamsewu. Titafika ndinaiona thirakiyo, kutsogolo kwake kuli kotsegula, nkhuku zikusakasaka pansi pake, udzu wouma utazinga matayala. Ndinatsika n'kukweza tenti pang'ono, ndipo bokosi lachitatu lomwe ndinaona linali ndi dzina langa. Inu owerenga, katundu wanga sanafike ku Johannesburg, sanaone Musina, sanaponde Zimbabwe. Milungu yonse yomwe ndinkaonera zithunzi za misewu yakutali, pasipoti yanga inali paulendo wa maola awiri okha kuchokera pomwe ndinkagona.

Mwini khomolo anali gogo wina wa Chitswana, wamtali, woyenda ndi ndodo. Anatuluka akukalipa kuti tisiye tentiyo. A Kamwendo anavula chipewa n'kuyamba kuyankhula nawo m'chinenero chawo, ine ndinkangotolako mawu apo ndi apo. Kenako anandimasulira. Jafali anali pachibwenzi ndi mwana wamkazi wa gogoyo, ndipo ankasonkhanitsira katundu pakhomopo. Thiraki inafa injini tsiku lomwe ankati anyamuke. Jafali anati akukasaka zipangizo, anabwera kawiri, kenako sanaonekenso, ngakhale mwana wa gogoyo sakudziwa komwe ali. Gogoyo anati anthu ena anabwerapo kale n'kutenga mabokosi omwe sanali awo, eni ake atafika anamuvutitsa iye. Choncho analumbira kuti palibe chotuluka pakhomopo pokhapokha munthu aonetse chiphaso chokhala ndi dzina lomwe lili pabokosi.

Ndinamva ngati ndiseke kapena ndigwe pansi. Chiphaso chomwe ankafunacho chinali m'kati mwa bokosi lomwe ankandikaniza kutsegula. A Kamwendo anachonderera, gogoyo ankangopukusa mutu. Pamenepo ndinagwada pafumbi patsogolo pake. Chitswana changa ndi chothyokathyoka, koma ndinayesetsa. Ndinamuuza kuti m'bokosimo muli makina akuda ozingidwa ndi bulangete lofiira, pansi pa makinawo pali kamalo ka ulusi, ndipo pansi pa ulusiwo pali kabuku kokhala ndi nkhope yanga. Ndinati akatsegula n'kupeza nkhope ya munthu wina andiitanire apolisi iye mwini. Ndinamuuzanso kuti mdzukulu wanga waikidwa m'manda ine ndisanamuone, ndipo mwana wanga ali gone kuchipatala ndi bala pamimba.

Gogoyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni. Anadula selotepi yekha. Makoswe anali atadya bulangete mbali imodzi, koma makina anali bwinobwino. Ndinakankha ulusi n'kutulutsa kapulasitiki kaja. Iye anatsegula pasipotiyo, anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anayang'ananso chithunzi. Kenako anati, “Ndiwe, koma unali wonenepa.” Anandipatsa, n'kundidzutsa pansi ndi dzanja lake.

Katundu yemwe ndinkafuna kuti mudzi wonse umuone ndinamusiya konko. Firiji, mapoto ndi makatani ndinapatsa a Kamwendo ndi akazi awo, ngakhale anakana kangapo. Chikwama cha zovala za mwana sindinathe ngakhale kuchitsegula, ndinapempha gogoyo kuti adzapatse aliyense wosowa m'mudzimo. Ndinatenga makina okha ndi zovala zanga zochepa. Patapita masiku awiri ndinakwera basi, ndipo makinawo ndinaonetsetsa ndi maso anga akulowa pansi pa basi yomwe ndinakweramo. Paboda anandidindira kuti ndisabwererenso m'dzikolo kwa zaka zingapo, monga ndinkayembekezera. Sanandimange, sananditsekere. Chinthu chomwe ndinachiopa zaka zisanu ndi zitatu chinatha m'mphindi zochepa pawindo.

Ndinafika kwathu masana, panjinga yamoto, bokosi limodzi lili kumbuyo. Asiyatu anali atatuluka m'chipatala, anali gone pamphasa pakhonde pa achemwali. Ndinasiya kamtsikana, ndinapeza mayi wowonda, wamaso olowa m'kati, woyenda atagwira pamimba. Anadzuka movutikira n'kundipatsa moni waulemu wonse, ngati momwe munthu amalonjerera mlendo wochokera kutali. Sanalire, sanandikumbatire. Akafuna madzi ankaitana achemwali anga, ndipo ankawaitana kuti amayi, ine ndili pomwepo.

Patatha masiku anayi tinatsala awiri pakhomo. Ndinakhala pafupi naye n'kumufotokozera zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale ndinkadziwa kuti achemwali anamuuza kale. Ndinkafuna azimve kuchokera pakamwa panga. Anamvetsera osandidula, akuyang'ana pansi. Nditamaliza anati, “Amayi, za pasipotizo sindikukuimbani mlandu, munthu amaiwala. Koma mukanangondiuza kuti simukudziwa tsiku lobwera, ine ndikanapita kuchidikiro. Chikwama ndinali nditalongedza kale.”

Madokotala sananene kuti mwanayo akanakhala moyo ndithu akanapita msanga, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma ndikudziwa kuti tsiku lomwe anagwa akanakhala ali pafupi ndi anamwino, osati pamtunda wa njinga yamoto, ndipo amene anamuletsa kupita ndine.

Pano ndimasoka pakhonde la sitolo ina pamsika. Asiyatu anachira, anabwerera kunyumba kwake, ndipo masiku ena amadzakhala nane n'kumandithandiza kupinda nsalu. Timacheza, nthawi zina timaseka, koma ndikamuuza kuti ndibwera kwanu mawa amandiyang'ana kaye asanavomere. Za Jafali sindinamvenso. Ena amati ali ku Durban, ena amati anabwerera kumudzi. Sindimusakanso.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli kunja ndipo mukukonza zobwerera, sindikunena kuti matransipota onse ndi achinyengo, ambiri amafikitsa katundu wa anthu bwinobwino. Koma musanapereke bokosi, khalani pansi mutulutse pasipoti, ziphaso, makadi a kuchipatala ndi mankhwala, muziike m'chikwama chomwe chidzakhale pamwendo panu. Gulani tikiti kaye, katundu anyamuke pambuyo. Pitani mukaone ndi maso anu komwe munthuyo amasungira katundu, mudziwe komwe amagona ndi amene angamuyankhire, ndipo musakhutire chifukwa choti akuyankhula chinenero cha kwanu. Musatsanzike ntchito ndi pogona musanagwire m'manja chilichonse chofunika paulendo. Akakuuzani kawiri kuti mawa, yambani kusaka njira ina tsiku lomwelo, ndipo mverani akulu amene akukuonetsani njirayo ngakhale ikuopsa.

Koposa zonsezi, zinthu zikakusokonekerani kunja, auzeni a kumudzi zoona tsiku lomwelo. Kumeneko kuli anthu amene akuimika moyo wawo podikira mawu anu. Akusekani sabata imodzi, kenako aiwala. Ine ndinaopa kusekedwa, ndipo lero kuseri kwa mudzi wathu kuli kamanda kakang'ono ka mdzukulu yemwe sindinamuone nkhope.